Kusiya Mowa Mothandizana: Misonkhano ya Anthu Ofuna Kuleka Kumwa

Mau Oyamba

Ndi Miphakati yochepa m'mene mulibe banja lovutika chifukwa cha mowa. Ndalama za fodya zimathera ku shabini zisanafike pakhomo. Feteleza amagulitsidwa mvula isanagwe. Ana amabwezedwa kusukulu, ndipo usiku anansi amamva kulira kwa mayi. Kawirikawiri thandizo limene timapereka ndi chidzudzulo. Ankhoswe amabwera, akuluampingo amabwera, mwini wake nkulumbira kuti sadzalawanso. Pakapita sabata ziwiri timakumana naye akudzandira pamseu.

Phunziro lino likufotokoza njira ina imene yathandiza anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana: misonkhano imene anthu ovutika ndi mowa amakumana okhaokha ndi kuthandizana kuti asamwe. Tiona chiyambi chake, m'mene munthu angaipezere, zimene zimachitika akafikako, ndiponso udindo wa parishi pa nkhaniyi.

Kodi Uchidakwa Nchiyani?

Si aliyense womwa mowa amene ali chidakwa. Uchidakwa ndi pamene mowa wayamba kulamulira munthu, kotero kuti akalawa sathanso kudziletsa, ndipo amapitirizabe kumwa ngakhale akuona kuti banja, ntchito ndi thanzi lake zikuonongeka. Madokotala amauwerengera m'gulu la matenda. Munthu akamwa kwambiri kwa nthawi yaitali, bongo wake umazolowera kugwira ntchito muli mowa. Mowawo ukasowa thupi limavutika: manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa, mtima sukhazikika. Nchifukwa chake ena amadzuka m'mamawa kukafuna kachasu woti achotsere matsire. Apa munthu sakumweranso chisangalalo koma kuthawa ululu.

Vutoli ndi lalikulu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2024 kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa, ndipo anthu 209 miliyoni anali ndi matenda a uchidakwa.

Pali mafunso anayi amene azaumoyo amagwiritsa ntchito, ndipo munthu angathe kudzifunsa yekha:

1. Kodi ndinaganizapo kuti ndiyenera kuchepetsa kumwa?
2. Kodi ndimapsa mtima anthu akamandilankhula za kamwedwe kanga?
3. Kodi ndimadziimba mlandu kapena kuchita manyazi chifukwa cha kumwa?
4. Kodi ndinayamba ndamwapo m'mawa kuti thupi likhale m'malo?

Amene wayankha kuti inde pa mafunso awiri kapena kuposerapo ayenera kufunafuna thandizo.

Kunena kuti uchidakwa ndi matenda sikuchotsa udindo wa munthu pa zimene wachita. Womenya mkazi ataledzera walakwa ndithu, ndipo malamulo a dziko amamuzenga mlandu. Koma kudziwa kuti ndi matenda kumatithandiza kumvetsa chifukwa chake kulumbira ndi kudzudzula pazokha sizikwanira.

Chiyambi cha Misonkhanoyi

Gulu lodziwika kwambiri la mtundu umenewu ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Dzinali likutanthauza zidakwa zosatchulidwa maina. Linayamba m'chaka cha 1935 mu mzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. A Bill Wilson, munthu wa bizinesi wa ku New York, anali atatha miyezi yowerengeka osamwa. Atapita ku Akron bizinesi yawo inalephereka, ndipo ali pa hotela chilakolako cha mowa chinawagwira. Iwo anazindikira kuti chimene chingawapulumutse ndi kulankhula ndi chidakwa chinzawo. Anayamba kuimbira lamya atsogoleri a mipingo kufunsa ngati akudziwa munthu wotere, mpaka anakumanitsidwa ndi a Bob Smith, dokotala wa opaleshoni amene mowa unali utamuononga.

Dokotalayo anavomera kucheza kwa mphindi 15 zokha, koma anakambirana kwa maola ambiri. Chimene chinamugwira mtima nchakuti mlendoyo sanabwere kudzamulalikira. Anangofotokoza za moyo wake, ndipo ankadziwa vutolo chifukwa anali atalisenza yekha. A Smith anamwa komaliza mu June 1935, ndipo AA imakumbukira tsiku la 10 June ngati tsiku limene gululi linabadwa. Mu 1939 anasindikiza buku lofotokoza njira yawo, imene ili ndi masitepe 12.

AA si gulu la mpingo uliwonse, koma Akatolika anathandizapo kuyambira pachiyambi. Sisitere Ignatia Gavin, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha St Thomas ku Akron, anayamba mu 1939 kulandira zidakwa ngati odwala, pa nthawi imene zipatala zambiri zinkawakana. Wodwala akamatuluka, Sisitereyo ankamupatsa mendulo ya Mtima Woyera nkumupempha kuti akadzafuna kumwanso ayambe wabweza menduloyo. Bambo Edward Dowling, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti wa ku St Louis, anakumana ndi a Wilson mu 1940 ndipo anakhala mlangizi wawo wauzimu. Iwo anaona kuti masitepe a AA akufanana ndi njira ya m'bindikiro ya Ignasio Woyera wa ku Loyola: kuvomera kufooka, kudzifufuza mumtima, kuulula ndi kukonza zolakwa.

Nchifukwa Chiyani Misonkhano Imathandiza?

Choyamba, chidakwa chimanamiza aliyense, koma nkovuta kunamiza munthu amene ananenapo mabodza omwewo. Mkazi kapena abambo mfumu angakhulupirire kuti munthu wangolawa pang'ono. Mnzake wa mumsonkhano amadziwa tanthauzo la pang'onopo.

Chachiwiri, manyazi amachepa. Munthu amene ankayesa kuti ndi iye yekha anagulitsapo mabulangete a ana amamva wina akufotokoza zomwezo, koma lero ali bwino, wavala zoyera, banja lake linabwerera.

Chachitatu, munthu amapeza anzake atsopano. Ambiri amabwerera ku mowa chifukwa anzawo onse ocheza nawo ali kumowa. Wosiya kumwa amatsala yekha madzulo, ndipo kusungulumwa kumamubweza komwe anachoka.

Chachinayi, wothandiza nayenso amathandizika. Ichi ndicho chinapulumutsa a Wilson tsiku lija ku Akron. Paja mutu umodzi susenza denga.

Akatswiri anaifufuza njirayi. Mu 2020 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 27, wokhudza anthu oposa 10,000. Linapeza kuti pothandiza anthu kusiyiratu mowa, AA pamodzi ndi uphungu wolimbikitsa anthu kupitako zimagwira ntchito mofanana ndi njira zina za uphungu wa kuchipatala, ndipo nthawi zina kuposa. Izi sizitanthauza kuti aliyense wopitako amachira. Zikutanthauza kuti ndi njira yoyenera kuiyesa, makamaka poti ndi yaulere.

Yambani Mwapita Kuchipatala

Chenjezo ili nlofunika kwambiri. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Kunjenjemera kumayamba pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza. Ena amagwa ndi kuphupha ngati a khunyu m'masiku awiri oyamba. Pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi ena amasokonezeka mutu, amatentha thupi, amabwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Zikafika apa munthu angathe kufa. Kumudzi zotere timafulumira kunena kuti walodzedwa, pomwe ndi thupi limene likufuna mowa. Wodwalayo apite naye kuchipatala msanga.

Kuchipatala kuli mankhwala othandiza munthu kudutsa masiku amenewa bwinobwino, ndiponso amapereka vitamini B1 woteteza bongo. Uzani adokotala zoona: mtundu wa mowa, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene munamwa komaliza. Msonkhano sulowa m'malo mwa chipatala. Chipatala chimathandiza masiku oyamba, msonkhano umathandiza miyezi ndi zaka zotsatira.

Kodi Msonkhano Ndingaupeze Bwanji?

Magulu amenewa sadzilengeza ndi zimkuzamau, choncho pamafunika kufunsa. Malo ofunsako ndi awa:

(a) Kuchipatala cha boma kapena cha mishoni. Funsani kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. M'Malawi muno, chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa ndi Zomba Mental Hospital. Abulazala a St John of God ali ndi malo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe othandiza odwala maganizo, kuphatikizapo ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ogwira ntchito m'malo otere ndiwo amadziwa magulu amene akukumana.

(b) Ku parishi. Funsani abambo mfumu, asisitere kapena akatekisiti. M'maiko ambiri misonkhano ya AA imachitikira m'zipinda za matchalitchi.

(c) Ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

(d) Kwa munthu amene mukumudziwa kuti anali chidakwa koma anasiya. Mufunseni m'mene anachitira.

(e) Pa intaneti. Kuyambira 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, misonkhano yambiri ya AA inayamba kuchitika kudzera pa Zoom. Amene ali ndi foni ya intaneti ndipo amamva Chingerezi angathe kulowa nawo ali kwawo, ngakhale osaonetsa nkhope.

Mukamva za gulu, funsani tsiku, nthawi ndi malo. Funsaninso ngati msonkhanowo ndi wotsekula kapena wotseka. Wotsekula angafikeko aliyense, ngakhale mkazi kapena mbale wokuperekezani. Wotseka ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa.

Zimene Zimachitika pa Tsiku Loyamba

Ambiri amafika pakhomo nkubwerera chifukwa cha mantha. Nkwabwino tsono kudziwiratu zimene mukapeze.

Palibe kulembetsa, palibe fomu, palibe kalata ya kwa amfumu kapena ya ku Mphakati. Chofunika nchimodzi chokha: kufuna kuleka kumwa. Safunsa mpingo, chipani, mtundu kapena maphunziro. Mphunzitsi ndi waganyu amakhala pa benchi limodzi.

Msonkhano umatenga pafupifupi ola limodzi. Wotsogolera ndi mmodzi mwa mamembala, ndipo udindowu amasinthana. Amayamba ndi kachetechete kapena pemphero lalifupi, kenaka amawerenga ndime ya m'mabuku a gululo. Pambuyo pake anthu amalankhula mmodzimmodzi. Wolankhula amatchula dzina lake loyamba lokha, navomera kuti ndi chidakwa, nkufotokoza m'mene zinaliri, chimene chinachitika, ndi m'mene zilili tsopano. Ena amamvetsera osamudula mau. Palibe kufunsana mafunso ngati pabwalo la milandu, palibe kulangizana mwachipongwe. Aliyense amakamba za iye mwini.

Mlendo sakakamizidwa kulankhula. Mungathe kungonena kuti lero mwabwera kudzamvetsera. Kumapeto amayendetsa mbale ya chopereka cholipirira chipinda ndi tiyi, koma wopanda ndalama sabwezedwa.

Zimene zanenedwa mumsonkhano, ndi maina a amene mwawaona, zimatsala momwemo. Limeneli ndilo lamulo losunga gulu. Mukapezako munthu wodziwana naye musachite mantha, chifukwa naye wabwerera vuto lomwelo.

Mu AA munthu salumbira kuti sadzamwanso moyo wake wonse. Amangotsimikiza kuti lero samwa. Mawa kukacha amatsimikizanso za tsikulo. Kwa munthu amene waswa malumbiro ambirimbiri, tsiku limodzi ndi katundu woti angathe kunyamula.

Musaweruze gulu ndi msonkhano umodzi. Pitani kangapo. Pakapita nthawi sankhani mnzanu wokuyang'anirani, amene mu AA amamutcha siponsa. Ameneyu ndi membala amene watha nthawi yaitali osamwa, woti mungamuimbire kapena kumupeza chilakolako chikakugwirani. Iye amakuyendetsani m'masitepe aja: kuvomera kuti mowa wakugonjetsani, kudzipereka kwa Mulungu monga m'mene inu mumamudziwira, kufufuza moyo wanu moona, kuulula zolakwa kwa munthu wina, kukonza zimene munaononga ngati kutero sikuvulaza ena, ndi kuthandiza anzanu. Mwambo wake ngwakuti abambo amayang'anira abambo, amayi amayang'anira amayi.

Ena amagwa nkumwanso. Kugwa si mapeto. Bwererani ku msonkhano wotsatira, musadikire kuti manyazi athe. Amene ali m'chipindamo ambiri anagwapo.

Zimene Gulu Silichita

Gulu la AA silipereka ndalama, ngongole, ntchito kapena chakudya. Silipereka mankhwala, ndipo membala asauze mnzake kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu kapena a matenda a maganizo apitirize monga adokotala ananenera. Gulu sililowerera ndale, siliweruza milandu ya m'banja, ndiponso sililandira thandizo la ndalama lochokera kunja kwa mamembala ake. Mukapeza gulu limene likulipiritsa ndalama zolowera, kugulitsa mankhwala ochotsa chilakolako, kapena kulonjeza kuchiza tsiku limodzi, chenjerani nalo.

Nanga Ngati Kwathu Kulibe Gulu?

Mwambo wa AA umalola kuti zidakwa ziwiri kapena zitatu zokumana ndi cholinga chosiya mowa zikhale gulu. Kumbukirani kuti gulu loyamba linali la anthu awiri. Zofunika ndi izi: malo abata, tsiku ndi nthawi yosasinthasintha, ndi munthu mmodzi wotsegula chitseko ngakhale ena asabwere. Sankhani nthawi imene chiyeso chimakula, monga madzulo a Lachisanu kapena tsiku la msika. Ngati nkotheka, mmodzi apite kukaonera gulu lina, kapena muitane membala wa gulu lina adzakutsogolereni misonkhano yoyamba. Dziwitsani a kuchipatala chapafupi kuti azitumiza ena.

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 amateteza ulemu wa munthu aliyense mu gawo 19, chinsinsi cha moyo wake mu gawo 21, ndi ufulu wokhala m'magulu mu gawo 32. Chidakwa sichinataye maufulu amenewa. Koma ufulu umayenda ndi udindo: amene walowa gulu asunge chinsinsi cha anzake monga afunira kuti chake chisungidwe.

Udindo wa Parishi ndi Mphakati

Parishi ingathe kubwereketsa chipinda. Chikhale chapambali, osati poyang'anana ndi pamene anthu amacheza akatuluka Misa. Ngati gulu lifuna kulipira kangachepe, landirani, chifukwa kudzilipirira ndi mbali ya kuchira kwawo. Polengeza m'tchalitchi tchulani tsiku, nthawi ndi malo basi. Musatchule dzina la munthu, ndipo musayang'ane mbali imene wakhala munthu amene mukumuganizira.

Akuluampingo asalowe mumsonkhano wotseka kukaonerera kapena kukalemba maina. Gululo si khoti la mpingo, ndipo kupitako kusakhale chilango chopatsidwa kwa wolakwa. Likhale lotsekukira anthu a mipingo ina, Asilamu ndi osapemphera, pakuti mowa susankha. Msonkhano sulowa m'malo mwa Sakramenti la Kulapa, ndipo Kulapa sikuletsa munthu kupita kumsonkhano. Mkatolika wochira amafuna zonse ziwiri.

Tiganizirenso miyambo yathu. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa chiliza ndi pa zikondwerero za Mphakati pakhale thobwa kapena zakumwa zina zosaledzeretsa. Munthu akakana chipanda tisamunene kuti wayamba kunyada, ndipo tisamuuze kuti kamodzi kokha sikalakwika. Kwa iye kamodziko ndiko kamatsegula khomo.

Mpingo uli ndi chitsanzo cha Matt Talbot wa ku Dublin m'dziko la Ireland, amene anabadwa mu 1856. Anayamba kumwa ali mnyamata wa zaka pafupifupi 12, nasiya ali ndi zaka 28, ndipo sanamwenso mpaka imfa yake mu 1925. Mu 1975 Papa Paulo VI anamutcha Wolemekezeka. Amene tikumutcha chidakwa lero angathe kudzakhala mzati wa Mphakati.

Mau kwa Mabanja

Mkazi, mwamuna, ana ndi makolo a chidakwa nawonso amavulala. Nchifukwa chake mu 1951 a Lois Wilson, akazi a Bill Wilson, pamodzi ndi anzawo anayambitsa gulu la Al-Anon, la achibale a zidakwa. Gululi limaphunzitsa kuti achibale sindiwo anayambitsa vutolo, sangathe kulilamulira, ndipo sangathe kulichiza. Kubisa zolakwa za womwayo, kumulipirira ngongole za mowa ndi kumunamizira kuntchito kumangotalikitsa matenda. Lankhulani naye asanamwe, modekha, ndipo muuzeni tsiku ndi malo a msonkhano. Mungathe kumuperekeza, koma kulowa ndi kwa mwini wake. Ngati pali nkhanza, musadikire kuti ayambe wasiya mowa: pitani ku polisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo tetezani ana.

Mafunso Okambirana mu Mphakati

1. Kodi ndi maina anji amene timatchula anthu ovutika ndi mowa? Mainawa amawakokera kwa ife kapena amawathamangitsa?
2. Munthu atabwera lero kudzafunsa kumene angapeze thandizo, tingamulozere kuti? Ndani mwa ife akafufuze kuchipatala ndi ku parishi msonkhano wotsatira usanafike?
3. Kodi pa tchalitchi chathu pali chipinda chimene gulu lingakumanemo popanda kuonereredwa?
4. Tingachite chiyani kuti nkhani zachinsinsi zisamafale mu Mphakati wathu?
5. Pa zikondwerero zathu, kodi munthu wosiya mowa timamuthandiza kapena timamuika pa chiyeso?